Mlendo m'Kachalichi ka ku Komboni

M'mizinda ya ku migodi muli machalichi akulu amene aliyense awadziwa, a zipupa zazitali ndi mazenera a magalasi, kumene magalimoto andanda pabwalo tsiku Lamulungu. Koma munthu akapitirira msika, nafika kumene mseu wa tala uthera, apeza tinyumba tina ta mapemphero timene sitioneka kutali, ndipo ambiri atipitirira osadziwa kuti ndi machalichi. Nkhani ino ndi ya kachalichi kamodzi kotere, ka mpingo wa Reformed Church in Zambia, kamene kali kumapeto kwa komboni ina ya mu Kitwe. Ndiponso ndi ya mwamuna wina wogwira nchito pansi pa mgodi, amene analowamo m'mawa wina ali mlendo wosadziwika kwa munthu aliyense.

Kwao kwa mwamunayo ndi ku mudzi wina wa kufupi ndi Madzimoyo, m'dera la Chipata, ulendo wa mamailosi oposa 500 kucokera ku Kitwe. Kumeneko analowa kalasi ali mnyamata, naphunzira katekisima, nabatizidwa. Tsiku limene ananyamuka kudzafuna nchito, akulu a mpingo anampatsa kalata yosamukira, monga mwa mwambo wao. Kalata yotere ndi umboni wakuti mwini wace ndi Mkristu wa pa Mgonero, wopanda mlandu ku mpingo umene acokera, ndipo ayenera kuipereka kwa akulu a kumene apita kuti amlembe m'buku lao. Iye anaipinda bwino, naiika pakati pa Buku Lopatulika, naika bukulo pansi pa zobvala m'sutukesi. M'menemo kalatayo inagona zaka 3.

Si kuti mwamunayo anakana Mulungu ai. Poyamba anati ayambe wazolowera nchito. Pambuyo pace anati shifiti ya usiku imtopetsa. Kenaka anati alibe jekete loyenera kuonekera nalo pamaso pa anthu a m'tauni. Miyezi itacuruka, cifukwa ceni-ceni cinasanduka manyazi, pakuti anadziwa kuti akulu adzayang'ana tsiku lolembedwa pa kalata, nadzafunsa kumene anali nthawi yonseyi. Cimene cinamdzutsa ndi maliro. Mnzace wa pa nchito, wocokera kutali ngati iye, anadwala masiku owerengeka namwalira. Analibe mbale m'tauni, ndipo panalibe mpingo umene unasunga dzina lace. Anzace anasonkha ndalama za bokosi, namperekeza anthu osakwana 10. Pamanda panalibe nyimbo, panalibe woimirira kunena mau, ndipo pobwerako panalibe nyumba ya siwa kumene anthu akanakhala pansi kutonthozana. Usiku umenewo mwamuna uja anatsegula sutukesi yace.

Mpingo umene unalemba kalatayo uli ndi mbiri yaitali kum'mawa kwa dziko lino. Amisiri a Mau a Dutch Reformed Church, ocokera ku Orange Free State, anamanga misoni yao yoyamba pa Magwero m'caka ca 1899, pafupi ndi Fort Jameson, amene lero achedwa Chipata. Madzimoyo anatsegulidwa mu 1903 ndipo Nyanje mu 1905. Buku Lopatulika la Cinyanja, limene William Murray ndi anzace anamasulira ku Nyasaland, linatha mu 1922, ndipo mu 1929 Justo Mwale anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wa mpingowo wobadwira m'dziko lino. Dzina lakuti Reformed Church in Zambia linayamba mu 1968. Pamene ana a mpingowo anayamba kuyenda kufuna nchito ku Lusaka ndi ku migodi, mpingo unawatsata m'mbuyo. Ndipo kawiri-kawiri amene anaunyamula sanali abusa, koma anthu wamba okhala ndi makalata m'matumba mwao.

Macitidwe amenewa si acilendo ku migodi. M'caka ca 1925, migodi yaikulu ya Luanshya, Nkana ndi Mufulira isanayambe kuturutsa mkuwa, Akristu a mitundu ndi mipingo yosiyana, ambiri a iwo ocokera ku Nyasaland, anayamba kusonkhana okha popanda mzungu wowatsogolera. Anasankha akulu ao, nasonkha ndalama zao, namanga nyumba ya mapemphero ndi manja ao. Msonkhano umenewo ndiwo unachedwa Union Church ya ku migodi. Mamisoni anadza kudzagwirizana pa nchito ya ku migodi mu 1936, anthu atayamba kale kupemphera. Ndipo Union Church inakhala umodzi wa mizu ya United Church of Zambia, imene inakhazikitsidwa pa Mindolo pa 16 January 1965. Mpingo wa Reformed unakhalabe pa wokha, koma tinthambi tace ta m'makomboni tinamera mwa njira yomweyo: anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi m'nyumba ya mnzao, kenaka m'kalasi ya sukulu yobwereka, ndipo potsiriza pa kamalo kao-kao.

Lamulungu lija mwamunayo analawira, atabvala malaya oyera ndi jekete lobwereka kwa mwini nyumba. Anali atafunsa njira dzulo lace kwa mai wina wogulitsa tomato, amene anamumva alikulankhula Cinyanja. Asanaone chalichi anamva belu, ndipo atafika anapeza kuti belulo ndi cidutswa ca njanji copacikidwa pa mtengo wa mango, cimene mnyamata anali kumenya ndi citsulo. Nyumbayo ndi ya njerwa zoocha, yosapaka njereza kunja, ya malata akale kutsogolo ndi atsopano kumbuyo, cizindikiro cakuti anaifolera pang'ono-pang'ono monga ndalama zinapezekera. Mazenera awiri ali ndi magalasi, otsalawo ali ndi matabwa. Pabwalo panali posesa bwino, mizere ya tsace ili kuoneka pa dothi. Mlendoyo anaima kanthawi pansi pa mtengo, alikuyesa ngati amanga cingwe ca nsapato, kufikira mtumiki wa pakhomo anamuona namyandikira. Anayamba wampatsa moni m'Cibemba; atamva mayankhidwe ace anasintha msanga nati, "Lowani, Bambo, malo alipo. Pano palibe mpando wa mwini."

M'katimo munali mabenchi 12 opanda motsamira, amuna ku dzanja limodzi, akazi ku dzanja linalo, ndi ana pa mphasa kutsogolo. Onse pamodzi sanapitirire 60. Kutsogolo kunali gome loyalidwa nsaru yoyera yopeta m'mbali, nchito ya amai a Cigwirizano, ndi kaguwa ka matabwa kolalikirapo. Mbusa panalibe tsiku limenelo, pakuti kachalichika ndi nthambi ya mpingo waukulu wa m'tauni, ndipo mbusa afika kangapo cabe pa caka, kudzabatiza ndi kudyetsa Mgonero. Masabata ena onse nchito ili m'manja mwa akulu a mpingo. Nthawi itakwana, citseko ca kacipinda ka m'mbali cinatseguka, akulu anai naturuka pa mzere, anthu onse naimirira. Wotsogolera anali nkhalamba ya imvi, imene inagwira nchito pansi pa mgodi zaka zambiri, ndipo tsopano ipala matabwa kuseri kwa nyumba yace.

Panalibe limba kapena ng'oma. Mai mmodzi anaponya liu, anzace nalandira, amuna nagwira pansi ndi mau akulu, ndipo malata anaomba ngati muli anthu mazana awiri. Nyimbo yoyamba inali ya Cinyanja, yaciwiri ya Cibemba, cifukwa ana obadwira ku migodi alankhula Cibemba, ndiponso ena a mumpingomo anakwatira kapena kukwatiwa kwa Abemba ndi Alamba. Mlendo uja anatsegula pakamwa alikuopa kuti mau anawaiwala, koma nyimboyo inaturuka yokha monga anaiphunzirira ali mwana. Kenaka mkulu anawerenga Malamulo Khumi, anthu ali cete, ndipo onse ananena pamodzi Cikhulupiriro ca Atumwi. M'pemphero lalitali mkuluyo anachula odwala, amasiye, olamulira dziko, ndi amene anali pansi pa mgodi pa ora lomwelo, kuti thanthwe liwasunge ndipo aturuke onse monga analowera. Pemphero limeneli ku migodi si la mwambo cabe. Acikulire akumbukira tsiku la 25 September 1970, pamene matope anagumukira mu mgodi wa Mufulira napha amuna 89, ndipo palibe mkazi wa wogwira nchito ya pansi amene amva mau otere mtima uli kwina.

Mau a tsikulo anacokera m'buku la Yeremiya, mutu 29. Mkuluyo anafotokoza kuti m'caka ca 597 Kristu asanabadwe, mfumu Nebukadinezara inatenga anthu a ku Yerusalemu kunka nao ku Babulo. Kumeneko anauka aneneri onyenga amene anawalonjeza kuti abwerera kwao posacedwa, motero anthuwo anakhala ngati a pa ulendo, mitima ili kumbuyo. Pamenepo Yeremiya anawalembera kalata yowadziwitsa kuti kukhala kwao kudzatenga zaka 70, ndi kuti ayenera kukhazikika, kukhala ndi makomo ndi minda ndi mabanja, ndi kupempherera mzinda wa eni acewo. Atafika apa mkuluyo anatseka buku nayang'ana anthu ace. Anati iye mwini anadza ku migodi alikunena kuti akhala zaka ziwiri zokha, agule njinga ndi malata, abwerere kumudzi. Koma imvi zampeza konkuno, ndipo adzukulu ace sadziwa njira ya ku Chipata. Anati ambiri asiya Mulungu kumudzi monga asiyira khasu pa tsindwi, poyesa kuti adzamtenga akabwerera. Koma tsiku lobwerera palibe alidziwa, ndipo moyo umene munthu ali nao ndi uno wa m'komboni, wa shifiti ndi lendi. Sanakweze mau kapena kumenya guwa. Analankhula mphindi 25, nakhala pansi.

Mbale ya copereka inali ya malata, yobvundikira ndi kansaru. Itayenda, mlembi anaimirira ndi buku la zolengeza, ndipo apa ndipo mlendo anaona mmene kampingo kakang'ono kakhalira. Mlembi anawerenga ndalama zimene zinaperekedwa sabata yatha, kufikira ngwee yotsiriza. Anachula mai amene ali m'cipatala, ndi amai awiri amene ali ndi udindo womperekera cakudya sabata ino. Anachula nyumba imene mapemphero a pakati pa sabata adzacitikira m'dera liri lonse. Anakumbutsa amuna kuti Loweruka abwere ndi makasu ndi mafosholo kudzakumba ngalande mvula isanagwe, ndi kuti malata 6 atsala kuti khonde lifoleredwe. Potsiriza anathokoza onse amene anagona pa maliro a mwana wa m'bale wao, ndi amene anatuma ufa, nkhuni ndi makala. Mlendo uja pakumva za malirowo anaweramitsa mutu.

Pamenepo inafika nthawi imene iye anaiopa koposa. Mkulu wotsogolera anati, "Ngati pali alendo pakati pathu, tiwapempha aimirire kuti tiwadziwe." M'chalichi yaikulu mlendo angathe kukhala cete kumbuyo, naturuka osaonedwa, m'nyumba ya mabenchi 12 maso onse anali atampeza kale, ndipo ana a pa mphasa anatembenuka poyera kumyang'ana. Anaimirira, nachula dzina lace, mfunda wace, mudzi wace ndi mpingo wa kwao. Mau ace ananjenjemera pang'ono. Mkuluyo anayankha kuti, "Takulandirani, Bambo. Mukatha mapemphero musathawe, tifuna tikuoneni bwino." Anthu anaseka, naomba m'manja katatu, ndipo mwamuna wa pambali pace anamsendezera buku la nyimbo kuti aonere pamodzi.

Dalitso litanenedwa, akulu anatsogola kuturuka naima pakhomo, ndipo aliyense woturuka anagwira canza onse amene anaturuka kale, naima kumapeto kwa mzere, kufikira bwalo lonse linazungulira ndi anthu oimba. Motero mlendo anagwira dzanja la munthu aliyense wa mumpingomo, kuyambira nkhalamba kufikira kamwana. Mai wina wokalamba sanamtaye dzanja msanga. Anati, "Mwana wanga, mfunda umene wachula uja ndi wa amai anga. Kodi mtsinje wa kwanu uja ukali ndi madzi m'cilimwe?" Mwamunayo anawerama nayankha kuti, "Ukali nao, Ambuya, koma ocepa." Gogoyo anati iye anacoka kumeneko ali mtsikana wongokwatiwa, ndipo kuyambira lero mlendoyo asamadye yekha Lamulungu ngati munthu wopanda mbumba.

M'kacipinda ka akulu mwamunayo anaturutsa kalata ija, imene inali itayamba kung'ambika m'mopinda. Mlembi anaiwerenga, nayang'ana tsiku lace, naipereka kwa mkulu wa imvi. Funso limene analiopa zaka 3 linafunsidwadi, koma mofatsa: "Nanga nthawi yonseyi munali kupemphera kuti, Bambo?" Iye anati, "Sindinali kupemphera kuli konse, Akulu." Sananame, ndipo akuluwo sanamdzudzule, komanso sanamnyengerere. Anamuuza kuti kalata yakale cotere singalandiridwe tsiku lomwelo, kuti nkhani yace idzapita ku bwalo la akulu pamodzi ndi mbusa, ndi kuti adzayamba amva ku mpingo wa kwao asanamlole kukhala pa gome la Mgonero. Anamfunsa za mkazi wace ndi ana, ngati awatumizira thandizo, ndi ngati m'nyumba imene akhala muli munthu wina amene mpingo uyenera kumdziwa. Kenaka mlembi analemba nambala ya nyumba yace, namuuza kuti mkulu wa dera limenelo adzafika Lacinai madzulo, ngati sadzakhala pa shifiti.

Pano ndipo pali kulemera ndi kukoma kwa kachalichi kakang'ono, ndipo ziwirizi sizilekana. Munthu wofuna kumva Mau popanda womfunsa kanthu sangakhalitse pamalo potere. Akajomba Lamulungu limodzi, benchi lace lioneka. Akajomba awiri, wina agogoda pakhomo pace. Akaoneka ku mowa alikudzandira, nkhani ifika kwa akulu dzuwa lisanalowe. Ndipo si zonse za pakati pa anthu owerengeka zimene ziri zokoma: mikangano ya mabanja awiri ingathe kugawa mpingo wonse, mijedo iyenda msanga, ndipo katundu wa malata ndi njerwa agwera anthu omwewo caka ndi caka. Koma maso amene aona munthu akalakwa ndi omwewo amene amuona akadwala, ndipo buku limene lilemba kujomba kwace ndi lomwelo limene litsegulidwa tsiku la tsoka lace. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Kumudzi denga limenelo lisenzedwa ndi abale a magazi. M'tauni, kumene woyandikana naye nyumba acokera ku Mansa kapena ku Mongu, munthu ayenera kudzipezera yekha anthu osenza nao.

Mwamunayo anadya nsima ya masana kwa gogo uja, ya ndiwo za cibwabwa cotendera ndi kapenta, ndipo anafunsidwa za midzi ndi mafumu ndi anthu amene ena a iwo anamwalira iye asanabadwe. Madzulo anabweza jekete kwa mwini wace. Loweruka lotsatira, ataturuka shifiti ya usiku, sanapite kukagona. Anatenga fosholo napita kukakumba ngalande, ndipo amene anazolowera kulaisha miyala pansi pa mgodi anaona nchitoyo ngati masewera, kotero kuti anyamata analeka kukumba nayamba kumuonerera. Dzina lace linali lisanalowe m'buku la Mgonero, koma pobwerera ana a pa mphasa aja anamthamangira pa njira alikumuitana kuti amalume.

M'makomboni a Kitwe, Chingola, Mufulira, Luanshya ndi Ndola muli masutukesi ambiri amene pansi pace pagona makalata otere, ena a Reformed, ena a United Church, ena a mipingo ina. Eni ace ayembekeza tsiku limene adzakhala ndi jekete, kapena limene manyazi adzatha okha. Koma manyazi a kalata yakale akula ndi miyezi, ndipo funso limene akulu afunsa litha m'kamphindi. Amene ali ndi kalata yotere acita bwino kuiturutsa Loweruka madzulo, ndi kuchera khutu m'mawa mwace kumene kulira citsulo ca pa mtengo.